Masewera a m'chikwama: nsalu imodzi ndi zitsekerero za botolo

Funso: Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Wamkulu ndi mtsikana wa zaka 13, wachiwiri ndi mnyamata wa zaka 9, chitsirizira ali ndi zaka 6. Madzulo magetsi akazima onse amalimbirana foni ya bambo awo mpaka moto utatheratu. Tidagula ludo, koma sipatha mphindi khumi asanakangane, uyu akuti dayisi yagwera pansi, uyo akuti mnzake wabera. Apongozi anga nawo safuna n'kuiona komwe, akuti ndi juga. Ndikufuna masewera a nzeru opanda dayisi, osavuta kuphunzira, oti ndizingoponya m'chikwama tikamapita kumudzi ku Nkhata Bay. Ndigule ati, nanga ndikawapeza kuti?

Yankho: Mayi, sungani kaye ndalama yanu. Ndaphunzitsa ana a pulayimale masewerawa kwa zaka zambiri, ndipo amene ndaona akukhalitsa m'mabanja si a m'bokosi lonyezimira ayi. A m'bokosi kachidutswa kamodzi kakasowa, onse atha ntchito. Chimene mukufunika ndi nsalu imodzi yoyera yolimbirapo, zitsekerero za mabotolo 64, ndi kathumba kokhala ndi chingwe chokokera pakamwa. Zinthu zitatuzi zikupatsani masewera anayi osiyana kotheratu, ndipo zonse pamodzi sizifika kulemera kwa paketi ya shuga.

Ndiyambe ndi ludoyo, chifukwa mkangano wa ana anu uli ndi gwero. Pa ludo mwana akaluza sakhala ndi choti akonze ulendo wina. Adaponya dayisi, dayisi idamukana, basi. Ndiye mkwiyo wake umasowa kolowera, umakagwera pa mnzake. Masewera amene ndikutchulireni pano alibe chobisika: zonse zili poyera pa nsalu, aliyense akuona zimene mnzake akuona, ndipo woluza angathe kuloza ndi chala n'kunena kuti ndalakwitsa apa. Mwana wotero amati tibwereze. Apongozi anu asadandaule, palibe chamwayi pamasewerawa. Inde, pamisika ena amaikirana ndalama pa drafuti kapena pa bawo, koma vuto pamenepo ndi kubetcherana, osati bolodi. Lamulo loyamba pakhomo panu likhale lakuti palibe kuikirana kanthu, ngakhale switi.

Nsaluyo idulidwe masentimita 46 mbali zonse, telala aliyense wa mumsika waukulu kapena wa ku msika wa Taifa aipinda m'mphepete mosataya nthawi. Pakati jambulani ndi rula timabokosi 8 m'litali, 8 m'lifupi, kalikonse masentimita 5, n'kudetsa kamodzi kusiya kamodzi ndi peni yosafufutika kapena penti. Mpata wotsala m'mphepetewo muufuna, ndinena ntchito yake. Sankhani nsalu yokhuthala kuti inki isatulukire kuseri, poti kuseriko tijambulako bolodi ina. Katoni imagwiranso, koma ndi chinyezi cha ku Mzuzu, mvula yowaza ya mwezi wa Epulo ija ndi nkhungu ya m'mawa mu Juni, katoni imafewa n'kupindika isanathe teremu. Nsalu mumangochapa. Zitsekerero zikhale za mtundu umodzi, ndipo simufunika mitundu iwiri: wina zake zimakhala chovundikira, mnzake chogadama, monga amachitira anyamata a pa depoti.

Anthu ambiri akaona bolodi yotere amathamangira drafuti. Ine ndimayambitsa ana masewera ena, amene pakhomo panga timangowatcha owoloka. Dzina lake lenileni ndi Breakthrough, adawapeka Dan Troyka m'chaka cha 2000. Aliyense amadzaza mizere iwiri ya kumbali kwake, timabokosi tonse, toyera ndi takuda tomwe, kutanthauza zitsekerero 16. Pa ulendo wako umasuntha chitsekerero chimodzi kabokosi kamodzi kupita kutsogolo, molunjika kapena mopingasa. Kudya n'kopingasa kokha: umalowa m'kabokosi mmene muli cha mnzako, n'kuchichotsa. Molunjika sudya, ukapeza wina patsogolo pako watsekeredwa. Kudya si kokakamiza. Woyamba kufikitsa chitsekerero chimodzi pamzere womaliza wa mnzake wapambana. Malamulo athera pomwepo.

Ndimawakonda masewerawa chifukwa mwana wa zaka 6 amawamva pamphindi ziwiri, chonsecho wamkulu amatha kutuluka nawo thukuta. Palibe chobwerera m'mbuyo, ndiye palibe kuzungulirazungulira kapena kuthera pofanana. Pakatha mphindi khumi wina amakhala atawoloka. Tsiku loyamba chitsirizira wanu adzatenga chitsekerero chimodzi n'kuthamanga nacho chokhachokha, n'kudyedwa. Adzabwereza katatu, kanayi. Kenaka adzaona yekha kuti chitsekerero chikakhala ndi chinzake kumbuyo kwake mopingasa, wochidyayo nayenso amadyedwa. Musamuuze zimenezi, msiyeni azitulukire, ndipo mudzaione nkhope yake tsiku limenelo. Ngati bolodi yonse yamukulira, phimbani mizere iwiri m'mbali ziwiri, asewere pa timabokosi 6 kwa 6 ndi zitsekerero 12 aliyense.

Drafuti ibwere pambuyo pake, makamaka kwa wa zaka 9 ndi bambo ake. Sindifotokoza malamulo ake, mwawaona kale: zitsekerero 12 aliyense, pa timabokosi takuda tokha. Chimene ndikuchenjezeni n'chakuti drafuti ilibe malamulo amodzi. Ena amalola chitsekerero wamba kudya chobwerera, ena amakana. Kwina kingi amauluka mzere wonse, kwina amayenda kabokosi kamodzi. Ena woiwala kudya amamulanda chitsekerero, ena amangomubweza kuti adye. Mwana akaphunzira kusukulu njira ina, bambo ake adakulira ina, mkangano wa ludo uja wabwerera m'nyumba. Mpata wa m'mphepete mwa nsalu uja ntchito yake ndi imeneyi: khalani pansi nonse, gwirizanani pa mfundo zitatuzi, mlembe pansalu pomwepo. Mwana akafunsa ngati pali njira yopambanira nthawi zonse, muuzeni izi. Gulu la akatswiri a pa University of Alberta ku Canada, lotsogozedwa ndi Jonathan Schaeffer, lidayendetsa makompyuta kuyambira 1989 kufikira 2007 kufufuza drafuti yachingerezi, ya kingi wosauluka ija, ndipo lidatsimikiza kuti onse awiri akapanda kulakwitsa, masewerawo amathera pofanana. Aliyense wopambana drafuti amapambana chifukwa mnzake waphonya penapake.

Zitsekerero 64 zonse zija zigwira ntchito pa Othello. Masewerawa adayamba ku England m'zaka za m'ma 1880 ndi dzina lakuti Reversi, ndipo adatchukanso kuchokera ku Japan m'zaka za m'ma 1970 ndi dzina latsopanoli. Ogula m'sitolo amapeza timbale toyera uku, takuda kuseri, koma chitsekerero chili kale ndi nkhope ziwiri. Mumayamba ndi zinayi pakati penipeni pa bolodi, ziwiri chovundikira, ziwiri chogadama, zitapingasana. Pa ulendo wako umaika chitsekerero chatsopano moti za mnzako zipanikizike pamzere umodzi pakati pa chatsopanocho ndi china chako, molunjika kapena mopingasa, ndipo zopanikizikazo umazitembenuza, zasanduka zako. Ukasowa poika potembenuza kanthu, mnzako amapitiriza. Bolodi ikadzaza mumawerenga, wa zambiri wapambana. Mtsikana wanu wa zaka 13 ndikuganiza kuti akakamira pamenepa. Masewerawa amapusitsa wadyera: amene watembenuza zambiri koyambirira nthawi zambiri ndiye amasowa poika pambuyo pake, n'kukakamizika kupereka ngodya. Chitsekerero cha pangodya palibe angachitembenuze, choncho timabokosi toyandikana ndi ngodya ndi toopsa kuikapo ngodyayo ikadali yopanda kanthu.

Tembenuzani nsalu. Kuseriku jambulani mabokosi atatu, laling'ono m'kati mwa lapakati, lapakati m'kati mwa lalikulu. Lumikizani pakati pa mbali zonse zinayi ndi mizere, kenaka ngodya zinayi chimodzimodzi. Pokumana mizere pali malo 24. Iyi ndi morabaraba, masewera a abusa a ziweto ku Lesotho, South Africa ndi Botswana, ndipo amene adakagwirako ntchito ku Joni ambiri amaidziwa. Zosewerera amazitcha ng'ombe, aliyense 12. Poyamba mumaika imodziimodzi mosinthana. Ukandandalika zitatu pamzere umodzi, umachotsa ng'ombe imodzi ya mnzako, koma osati ya pamzere wake wathunthu pokhapokha zonse zikakhala m'mizere yotero. Zikatha za m'manja mumayamba kusuntha motsata mizere, malo amodzi pa ulendo. Wotsala ndi ng'ombe zitatu amaloledwa kudumphira paliponse popanda kanthu, ndipo wotsala ndi ziwiri waluza. Nzeru yake yaikulu mwana aipeza msanga: kukonza mizere iwiri yoyandikana moti ng'ombe imodzi ikachoka uku yatseka uko, ikabwerera yatseka kuno, ulendo uliwonse akudya. Akaipeza, mnzakeyo amayamba kuphunzira kuitchinga isanamangidwe, ndipo mpamene masewerawo amakomera.

Tsopano bawo. Mwina mwadabwa kuti sindinayambe nayo, poti ndi yathu. Ndaisiyira dala malo ake, chifukwa pa masewera onse ndatchulawa palibe oiposa kuzama, ndipo zimandiwawa kuona ana a m'tauni akuiyesa ya madala a pansi pa mtengo. Vuto ndi lakuti ambiri amaphunzitsa mwana bawo ya akuluakulu tsiku loyamba: maenje 32, nkhomo 64, dzenje lapadera lotchedwa nyumba lili ndi malamulo akeake, nkhomo 20 zili m'manja mwa aliyense zoti zilowe imodziimodzi, pali kutakata (kufesa osadya kanthu), pali kusankha mbali yoyambira kufesa. Mwana wa zaka 6 amangoona manja akuthamanga, n'kutopa. Yambani ndi bawo ya ana. Ikani nkhomo ziwiri m'dzenje lililonse, popanda za m'manja, nyumba musaiwerengere. Aliyense ali ndi mizere iwiri ya kumbali kwake. Amatola nkhomo zonse za m'dzenje limodzi, n'kumaponya imodziimodzi m'maenje otsatira kuzungulira mizere yake. Yomaliza ikagwera m'dzenje lopanda kanthu, wagona, mnzake ayambe. Ikagwera mmene muli zina, amatola zonsezo n'kupitiriza. Koma ikagwera m'dzenje la mzere wakutsogolo mmene muli zina, ndipo dzenje la mnzake loyang'anizana nalo muli nkhomo, amadya za mnzakezo n'kuzifesa kumbali kwake. Amene mzere wake wakutsogolo wauma, kapena wasowa choyendetsa, waluza.

Mudzaona chinthu chimodzi chimene chimandisangalatsa chaka ndi chaka. Poyamba mwana amatola dzenje lililonse n'kumayembekezera. Pakapita milungu ingapo amayamba kuloza maenje ndi chala asanatole, milomo ikugwedera, akuwerenga kuti nkhomo 7 zikathera pati. Pambuyo pake chala chija chimaleka, amawerenga ndi maso okha. Mwana ameneyo akuphatikiza m'mutu popanda womukakamiza, ndipo ndaona ana oopa masamu m'kalasi akuchita zimenezi mosadziwa n'komwe kuti ndi masamu. Za akulu zija, nyumba ndi nkhomo za m'manja, zidzalowe akakhwima. Ndipo chonde mtsikana wanu asakhale wongoonerera. Pamisika mumaona abambo okhaokha pa bawo chifukwa amayi nthawi imeneyo amakhala ali pa ntchito zina, osati chifukwa bawo imasankha. Atsikana amene ndawaphunzitsa amawerenga maenje mofatsa kuposa anyamata ambiri, amene amafulumira kudya.

Bawo ndi yokhayo imene ndingakuuzeni kuti mugule, mukapeza ndalama. Osema ziboliboli kuno m'tauni ndi ku Nkhata Bay amasema bawo zopinda pakati, zokhala ndi mahinjesi, zoti nkhomo zimatsekeredwa m'kati. Pogula musatengeke ndi zokongoletsa za kunja. Pisani zala m'dzenje muone ngati mungatole nkhomo khumi mosavuta, chifukwa zambiri zosemera alendo zimakhala ndi maenje osaya, nkhomo zimangotayikira mwa mnzake. Itsekeni muigwedeze, muone ngati nkhomo sizikudutsa pampata. Koma kumudzi simufunika kunyamula chilichonse: maenje amakumbidwa pansi pamthunzi, timiyala ta kunyanja tilipo tambirimbiri.

Pali chinanso chimene muli nacho kale kukhitchini. Thireyi ya mazira ili ndi maenje 30, mizere 5 ya maenje 6, ndipo imeneyo ndi bolodi yeniyeni ya yoté, masewera a ku Senegal ndi maiko oyandikana nawo. Aliyense ali ndi timiyala 12 m'manja, bolodi imayamba yopanda kanthu. Pa ulendo wako umasankha kuika kamwala katsopano kapena kusuntha kamene kali kale pabolodi dzenje limodzi molunjika, osapingasa. Umadya podumpha ka mnzako monga pa drafuti, koma molunjika, ndipo ukadya umachotsanso kena kamodzi ka mnzako kalikonse kamene wafuna. Lamulo lomalizali limachititsa kuti amene amaoneka ngati watha atembenuze zinthu pa ulendo umodzi, ndiye ana safooka msanga. Ubwino wina wa thireyi ndi wakuti timiyala sititsetsereka ngakhale muiike pamiyendo.

Kutsetsereka kumeneku ndiye nkhani ya paulendo. Msewu wotsikira ku Nkhata Bay ndi wokhotakhota, ndipo m'minibasi yodzaza simungayale nsalu. Pakona yoyamba zitsekerero zonse zili pansi pa mipando. Nsalu ndi ya podikira kuti galimoto idzaze ndi ya mukafika. M'galimoto tengani kope la masamu la timabokosi ndi pensulo. Masewera oyamba ndi a zisanu pamzere: wina akulemba mtanda, wina kabwalo, mosinthana, paliponse patsamba, ndipo woyamba kundandalika zisanu molunjika kapena mopingasa wapambana. Ndi mkulu wake wa masewera a zitatu pamzere aja, amene ana amatopa nawo msanga poti onse akawadziwa palibe amapambana. Achiwiri ndi a timadontho, amene adawafalitsa katswiri wa masamu wa ku France, Édouard Lucas, m'zaka za m'ma 1800. Mumadontheza timadontho m'mizere, aliyense amalumikiza tiwiri toyandikana, ndipo wotseka kabokosi amalembamo chilembo cha dzina lake n'kujambulanso mzere wina. Awa angasewere onse atatu pamodzi. Ngati pali mwana amene amachita nseru akayang'ana pansi galimoto ikuyenda, ameneyo musamupatse kope, adikire mufike.

Mbali yotsalayi ndi imene mabanja ambiri amagwerapo, ndipo ndikupemphani muiwerenge pamodzi ndi bambo a kunyumba. Ana anu asiyana zaka zambiri. Wa zaka 13 akamasewera ndi wa zaka 6 mofanana, wamng'onoyo adzaluza tsiku lililonse, ndipo pakutha pa mlungu adzabwerera ku foni. Makolo ambiri poona zimenezi amayamba kuluza dala. Musatero. Mwana amazindikira msanga kuposa mmene timaganizira, ndipo akazindikira, ngakhale tsiku limene wapambana moona sakhulupirira. Njira yabwino ndi yakuti wamkulu ayambe moperewera, poyera, onse akudziwa, kenaka asewere ndi mphamvu zake zonse. Pa owoloka, wamkulu achotse zitsekerero zinayi za mzere wake wakumbuyo. Pa drafuti ayambe ndi 9 m'malo mwa 12. Pa Othello wamng'ono apatsidwiretu ngodya imodzi kapena ziwiri. Pa morabaraba wamkulu achepetse ng'ombe ziwiri. Wamng'ono akapambana katatu motsatizana, wamkulu amabwezeredwa chitsekerero chimodzi; akaluza katatu, chimachotsedwanso china. Lembani chiwerengerocho kumapeto kwa kope lija. Mwana amaona yekha kuti mu Meyi ankapatsidwa zinayi, pofika Ogasiti akupatsidwa chimodzi, ndipo palibe amene wamunamiza.

Chinanso, masewerawa ndi a anthu awiri, pamene inu mulipo asanu. Lamulo la pamsika lakuti wopambana akhalebe pampando lisalowe m'nyumba mwanu, chifukwa wamkulu sadzadzukapo. Sinthanani mozungulira mosayang'ana amene wapambana, ndipo woluza ndiye azisankha masewera otsatira ndi kuyamba. Kapena chitsirizira akhale pamiyendo panu mukhale gulu limodzi, iye akusuntha, inu mukungomufunsa kuti akasuntha apo mkulu wake achita chiyani. Funso limenelo ndi lokhalo limene ndimalola woonerera kufunsa. Kuloza kabokosi kapena kutsokomola mwadala n'koletsedwa, ngakhale kwa bambo. Chitsekerero chimene wachikhudza ndicho usunthe, lamulo limeneli lisungireni akulu awiriwo; wamng'ono aloledwe kubweza kamodzi pa masewera aliwonse.

Simunatchule tchesi, koma ndikudziwa kuti wina akuuzani kuti ndiyo masewera enieni a nzeru. Ndi yabwino, ndipo mtsikana wanu akaifuna, bolodi ya pansaluyo ndi yomweyo, mudzangogula zosewerera. Kungoti ili ndi mitundu 6 ya zosewerera, uliwonse ndi kayendedwe kake, ndipo masewera amodzi amatha kudya madzulo onse. Mwana amene wayamba ndi owoloka amakafika ku tchesi akudziwa kale kuteteza chinthu ndi chinzake.

Musatulutse masewera onsewa tsiku limodzi. Mlungu woyamba akhale owoloka okha, mphindi 20 mukatha kudya, ndipo muzileka ana akadafunabe. Zitsekerero zachitsulo muzitsuke, muchotse zadzimbiri ndi zopindika mano. Sungani khumi zapadera m'kathumba, poti zina zidzasowa ndithu. Kukabwera khanda lokwawa pakhomo, nkhomo, nyemba ndi timiyala zikwezedwe pamwamba, chifukwa zimalowa m'kamwa ndi m'mphuno mofulumira. Nyali ya sola yaing'ono ikwanira, muiike chapambali kuti mithunzi ya manja isaphimbe bolodi.

Mukafika ku Nkhata Bay ulendo ukubwerawu, musayambe ndi kuyala nsalu pamaso pa apongozi anu. Atumeni anawo akawafunse agogo awo ngati pa ubwana wawo ankakumba maenje pansi n'kumaseweretsa timiyala, ankawatcha chiyani masewerawo, ndipo malamulo ake anali otani. Midzi imasiyana, kwina mizere imakhala yaitali kuposa maenje 8, kwina kadyedwe n'kena. Zimene anene agogowo mtsikana wanu azilembe m'kope lija, ndipo masiku amene muli kumeneko muzisewera motsata malamulo awo.